Bitcoin tiziiwerenga m'masatoshi, osati m'maziro

Akonzi,

Ndiloleni ndiwatsine khutu anyamata ndi atsikana a ku Limbe, Ndirande ndi Chilomoni amene ayamba kulandira malipiro mu Bitcoin, ndalama ya pa intaneti. Chimawadyera ndalama si akuba okha ayi. Maziro nawo amaluma.

Bitcoin imodzi imagawika m'tizigawo 100,000,000 totchedwa satoshi. Mtengo ukalembedwa 0.00002, amenewo ndi masatoshi 2,000. Chala chikadumpha ziro mmodzi n'kulemba 0.0002, mwatumiza masatoshi 20,000, kuchulukitsa kakhumi. Kuno kulibe ejenti wokadandaulira. Ndalama ikangotsimikizika kuti yatumizidwa, yapita basi, pokhapokha wolandirayo akhale wachisoni n'kubweza.

Ena amakonda kuwerengera mu mBTC, yomwe ndi masatoshi 100,000, ena µBTC, masatoshi 100 okha. Pa foni yosweka galasi, padzuwa la mumsika, zilembo ziwirizi zimaoneka ngati mapasa, chonsecho ina imaposa inzake ka 1,000. Zonsezi zisiyeni. Lowani m'masetingi a waleti yanu, pulogalamu yosungiramo Bitcoin, sankhani satoshi, ndipo potumiza mtengo pa WhatsApp muzilemba nambala yathunthu ndi mawu oti "sat" kumapeto. Mtengo wa katundu gwirizanani m'makwacha, muusinthe kukhala masatoshi nthawi yolipira yomweyo, poti Bitcoin imakwera ndi kutsika munthu asanamalize kumwa tiyi. Ndalama imene amadula potumiza muiyang'anenso payokha musanadine.

Ena amati sitingazolowere. Nanga mu 1971 tidatani, pamene kwacha idalowa m'malo mwa paundi? Paundi imodzi idasanduka K2, sheleni idasanduka 10 tambala, ndipo agogo athu adazolowera opanda foni n'komwe. Anzathu a ku Zambia adachotsa maziro atatu mu 2013, K1,000 n'kukhala K1, ndipo kwa miyezi isanu ndi umodzi mashopu ankalemba mitengo yonse iwiri, wakale ndi watsopano. Nzeru yoti titengere ndi imeneyo: makwacha ndi masatoshi azilembedwa moyandikana mpaka diso lizolowere kuti sauzande kwacha ikubwera masatoshi angati sabata imeneyo.

Musaiwalenso kuti Reserve Bank of Malawi idanena kale kuti ndalama zoterezi si zovomerezeka polipirira katundu mwalamulo m'dziko muno. Mayi wogulitsa tomato ku Limbe akakana masatoshi anu n'kufuna makwacha m'manja, sadalakwe.

Wowerenga wanu,
Chilomoni, Blantyre