Kalata ya Abusa: Za Kukumana ndi Mulungu pa Zinthu Wamba

Okondedwa abale ndi alongo mwa Ambuye,

Chisomo ndi mtendere zikhale ndi inu nonse. Ndakulemberani kalatayi chifukwa cha dandaulo limene ndalimva kwa ambiri a inu, lakuti mumapemphera ndi kusonkhana mokhulupirika, koma Mulungu akuoneka kuti ali kutali, ndipo masiku amangotha ndi ntchito zomwezomwezo popanda chokhudza mtima. Dandaulo limeneli sindikulipeputsa, pakuti inenso landigwirapo, koma ndikupempha kuti tilione kudzera mwa Namani.

Pa 2 Mafumu 5 timawerenga kuti Namani, mkulu wa asilikali a mfumu ya Aramu, anali ndi khate, ndipo anapita ku Israyeli atanyamula matalente 10 a siliva, ndalama zagolide 6,000 ndi zovala 10 zosinthira. Anaima pakhomo pa mneneri Elisa ndi akavalo ndi magaleta ake, koma Elisa sanatuluke n'komwe. Anangotuma munthu kukamuuza kuti akasambe maulendo 7 mu mtsinje wa Yordano. Namani anapsa mtima n'kutembenuka, chifukwa anali atakonza kale m'maganizo mwake mmene Mulungu ayenera kumuchiritsira: mneneri atuluke, aimirire, aitane dzina la Yehova, ayendetse dzanja pamalo odwalawo. Anafika pofunsa ngati Abana ndi Farapara, mitsinje ya ku Damasiko, siinali yoposa madzi onse a Israyeli.

Chimene chimandigwira mtima m'nkhaniyi n'chakuti Mulungu anali akulankhula ndi Namani kuyambira pachiyambi, koma kudzera mwa anthu amene munthu waudindo sawawerengera. Woyamba anali kamtsikana kogwidwa kunkhondo kamene kankatumikira mkazi wake, wachiwiri anali mthenga wa pakhomo, ndipo omaliza anali antchito ake omwe, amene anamufunsa mwaulemu ngati akanakana mneneri akanamulamula chinthu chachikulu. Khate linali pakhungu, koma chimene chikanamubweza kwawo asanachire chinali kudzikuza. Ifenso tikamati Mulungu wakhala chete, kawirikawiri timatanthauza kuti sanabwere m'njira imene ikanatipatsa ulemu.

Ndiulule za ine mwini. Tsiku lina pamsonkhano wa mpingo, amene ankathokoza ogwira ntchito anatchula mayina ambiri, koma langa analidumpha. Nyimbo yotsekera ndinaimba ndi milomo yokha, mumtima ndikuwerenga maulendo amene ndinayenda ndi tulo timene ndinataya pokonza msonkhanowo. Patapita masiku angapo ndinakaona mmodzi wa okalamba athu amene sadzukanso pogona. Ndinapeza mwana wawo wamkazi akuwatembenuza mosamala kuti asachite zilonda, kenaka anawapukuta pakamwa ndi kansalu konyowa, uku akung'ung'udza nyimbo imene mayiwo ankaikonda. Amachita zimenezi kangapo tsiku lililonse, ndipo palibe msonkhano umene udzatchule dzina lake. Ndinapita kukapemphera ngati mbusa, koma ndinapeza pemphero lili mkati kale, ndipo ndinachita manyazi ndi mkwiyo umene ndinausunga sabata yonseyo.

Ambuye Yesu anayamba utumiki wao ali ndi zaka pafupifupi 30, ndipo anthu a ku Nazarete ankawadziwa ngati mmisiri wa matabwa. Zaka zonsezo sizinali zotayika pamaso pa Atate. M'bale Lawrence, amene anamwalira mu 1691, anagwira ntchito zaka zambiri m'khitchini ya nyumba ya amonke mumzinda wa Paris, ntchito imene mwachibadwa sankaikonda, komabe anaphunzira kulankhula ndi Mulungu pakati pa miphika ndi phokoso monga momwe akanachitira atagwada m'tchalitchi.

Pano ndichenjeze, pakuti kusiya kudzikuza sikutanthauza kudzinyoza kapena kulola kuti ena azikuponderezani. Palinso kudzichepetsa kwina kumene kumangofuna kuonedwa, kwa munthu amene amakhala pampando wakumbuyo koma maso ali tcheru kuona ngati wina wazindikira kuti wakhala kumbuyo. Kumeneko ndi kudzikuza komwe kuja, kwangosintha malaya. Yohane Mbatizi, atauzidwa kuti anthu akumusiya n'kumapita kwa Yesu, anayankha kuti Yesu ayenera kukula ndipo iye achepe, ndipo ananena zimenezi ali wokondwa ngati bwenzi la mkwati.

Choncho ndikukupemphani kuti mwezi uno aliyense asankhe ntchito imodzi imene amaiona ngati yotopetsa, kaya kutsuka mbale, kusamalira wodwala kapena kumvetsera mwana amene akufotokoza nkhani yake kachitatu, ndipo aigwire mosathamanga, akudziwa kuti Mulungu ali pomwepo. Achitirenso munthu wina chabwino chimodzi chimene sadzauza aliyense, ngakhale ine mbusa wake. Pamisonkhano yathu ya mapemphero ya pakati pa sabata tidzawerenga limodzi 2 Mafumu 5, ndipo tidzafika mpaka pa Gehazi, mnyamata wa Elisa, amene anathamangira mphatso zimene mbuye wake anazikana. Mundikumbukire inenso m'mapemphero anu pa nkhani imeneyi.

Ine wanu mu utumiki wa Ambuye,
Mbusa wanu