Wotsogolera anthu pansi pa madzi aziyang'ananso m'mbuyo

Akonzi,

Ndiloleni ndigwiritse ntchito tsamba lanu poyankha achinyamata amene amandifunsa chimene chimafunika kuti munthu aphunzire ntchito yotsogolera anthu osambira pansi pa madzi ndi mathanki a mpweya, ntchito imene timaitcha divemaster. Ndaigwira kwa zaka 9. Pafupifupi aliyense wondifunsa amayamba ndi kudzichemerera kuti madzi ndi kwawo, amasambira osatopa ndipo saopa kuya. Ndimawayamikira, koma zimenezo n'zimene zimayesedwa mosavuta pa maphunziro onsewo.

Zolembedwa pa pepala n'zachidule. Ku PADI, bungwe lopereka masetifiketi kwa osambira pansi pa madzi lomwe linayamba mu 1966, munthu amafunika akhale ndi zaka 18, setifiketi ya Rescue Diver (ya luso lopulumutsa anzako pansi pa madzi), maphunziro a chithandizo choyamba amene anachita m'zaka 2 zapitazo, kalata ya dokotala, ndi maulendo 40 a pansi pa madzi olembedwa m'kabuku kake. Pomaliza maphunziro maulendowo akhale atakwana 60. Mayeso a thupi alipo ndithu: kusambira mamita 400 wopanda chothandizira, mamita 800 utavala magalasi ndi zipsepse, kukoka mnzako wolefuka mamita 100, ndi kuyandama mphindi 15, mphindi 2 zomalizira manja ali kunja kwa madzi. Mnyamata wamphamvu zimenezi amazitha. Inenso ndinazitha, ndipo ndinayamba kudziona ngati ndafikapo.

Kudziona kumeneko kunatha pa ulendo wanga wa 47. Mphunzitsi anandipatsa alendo anayi kuti ndiwatsogolere pa kuya kwa mamita 18, mphunzitsiyo akutsatira m'mbuyo. Mapu a malowo ndinali nditajambula ndekha monga mwa maphunziro, ndipo mtima wanga wonse unali pa kampasi, kuti ndikatulukire pa chingwe cha boti penipeni anthu andione. Ndinatembenuka kawiri kokha. Nthawi zonse ziwiri bambo wina wachikulire amene anali kumapeto kwa mzere anandionetsa chala chachikulu ndi chamkombaphala zitakumana, kutanthauza kuti zonse zili bwino. Nditatembenuka kachitatu ndinapeza mphunzitsi atawagwira bambowo pa lamba wa jekete yothandiza kuyandama, akukwera nawo pang'onopang'ono. Geji ya bambowo, yoonetsa mpweya wotsala m'thanki pa muyeso wotchedwa bar, inali itatsika kufika pa 50 bar, ife enafe tili pamwamba pa 100.

Titakwera m'boti mphunzitsi sanakalipe. Anangondifunsa kuti: “Bambo aja thovu lawo limatuluka bwanji?” Ndinasowa choyankha. Iwo ndiwo anandiwerengera zimene anaona: thovu losadukiza, maso otong'oka mkati mwa magalasi, manja akupalasa ngati galu wogwera m'dziwe, mapazi akupondaponda. Munthu wamantha amapuma mofulumira ndipo amamaliza mpweya msanga, koma ukamufunsa amati ali bwino, chifukwa safuna kuchititsa manyazi kapena kusokoneza ulendo wa anzake. Chizindikiro cha dzanja ndinachikhulupirira, thupi lonse la munthuyo osaliwerenga.

Kuyambira pamenepo ndinaphunzira kuti kuwerenga anthu kumayambira pamtunda. Pali amene amangoti zii pamene anzawo akuseka, ndipo pali amene amalongolola za nyanja zonse zimene anasambiramo uku akumangirira chopumira chozondoka pa thanki. Onsewo ndimawaika pafupi ndi ine. Ndimafunsanso aliyense kuti analowa liti m'madzi komaliza, chifukwa setifiketi siinena kuti mwini wake watha zaka zisanu osagwira thanki.

Kuti maso akhale pa ena, thupi lako lisamakuvutitse. N'chifukwa chake ndimati luso loyamba ndi kuyandama pakatikati pa madzi, osamira osakwera, pogwiritsa ntchito kapumidwe ndi mpweya wochepa wa m'jekete. Wophunzira amene akulimbanabe ndi jekete yake sangaone mnzake. Palinso kuonetsa maluso monga kuchotsa madzi m'magalasi mochedwa ndi momveka kotero kuti woonerera atengere popanda mawu. Ambiri zimenezi amaziona ngati sewero lotopetsa. Ine ndinazizindikira phindu lake tsiku limene mtsikana wina anachita mantha madzi atamulowa m'mphuno, n'kukhazikika atangondiona ndikuchita zomwezo patsogolo pake mosapupuluma.

Masamu a m'buku nawonso ndi a moyo wa anthu. Pa mamita 10 aliwonse madzi amawonjezera kupanikiza kofanana ndi kwa mpweya wa pamtunda. Pa mamita 30 munthu amakoka mpweya wochuluka kanayi pa kupuma kumodzi, choncho thanki yomwe ikanatha ola limodzi pamwamba imatha m'mphindi 15. Pokwera mpweya umafufuma, ndipo wokwera atagwira mpweya m'chifuwa akhoza kung'amba mapapo. Nayitrojeni, gawo la mpweya umene timapuma, ikalowa m'magazi imafuna nthawi kuti ituluke, ndiye sitikwera mopitirira mamita 18 pa mphindi, ndipo timaima mphindi 3 pa mamita 5. Wotsogolera azitha kufotokoza zimenezi m'mawu oti mlendo wotopa amve, ndi kumukumbutsa kuti akasambira kangapo adikire maola 18 asanakwere ndege. Adziwenso, boti lisananyamuke, pamene pali botolo la okosijeni, amene angamuimbire foni, ndi kumene kuli chipinda chochizira matenda a nayitrojeni chapafupi.

Chovuta kuposa zonse sindinachipeze pa mayeso alionse, ndicho kukana. Anthu alipira, avala, dzuwa lawala, koma iwe ukuona kuti mafunde akukula kapena mmodzi wa iwo akununkha mowa wa dzulo. Ukanena kuti sitilowa, nkhope zimagwa ndipo mwini boti amakuyang'ana ndi diso lofiira. Ndinabwezapo bambo wina wamsinkhu wa abambo anga amene anali ndi chimfine chotseka makutu. Anandinena kuti ndine mwana wopanda ulemu, ndipo mawuwo anandipweteka sabata yathunthu. Ndikanawabwezabe lero.

Choncho kwa amene akuwerengera maulendo kuti afike pa 40, pempho langa ndi ili: pa ulendo wotsatira, musanayang'ane geji ya mnzanu, yambani mwaganizira kuti watsala ndi mpweya wochuluka bwanji poona kapumidwe kake, kenako mufunseni. Lembani m'kabuku kanu kusiyana kwa nambala ziwirizo. Ine zinanditengera maulendo oposa 20 kuti ndiyambe kuphonya ndi 10 bar yokha.

Ine wanu,
Wotsogolera osambira pansi pa madzi