Titengere ana ku Dzalanyama akaone kumene madzi athu amachokera

A Mkonzi,

Ndiloleni ndilankhule ndi makolo anzanga a mumzinda wa Lilongwe kudzera m'nyuzipepala yanu, pa nkhani imene ambiri timaiyesa ya azungu ndi anthu a ndalama okhaokha, yomwe ndi kutenga ana kumathero a sabata n'kukagona nawo m'tenti kumapiri. Ine ndi mayi a kunyumba tinachita zimenezi ku Dzalanyama m'nyengo yozizira yapitayi, wamng'ono mwa ana athu adakali kusukulu ya mkaka, ndipo maganizo anga ndi akuti mwana aliyense amene amamwa madzi a pampopi mumzinda uno ayenera kukaiona nkhalangoyi asanakule.

Dzalanyama ali pamtunda wa makilomita pafupifupi 60 kumwera chakumadzulo kwa mzindawu, m'malire ndi dziko la Mozambique, ndipo wakhala nkhalango yotetezedwa kuyambira m'chaka cha 1922. Mtsinje wa Lilongwe umayambira kumeneko, n'kudzaza madamu awiri a Kamuzu ku Malingunde, kumene bungwe la Lilongwe Water Board limadalira kuti ife a ku Kawale, ku Chilinde ndi ku Area 25 tipeze madzi. Ana athu amaudziwa mtsinjewu pamlatho wa kumsika, uli wakuda ndiponso wodzaza majumbo, choncho atauona kumtunda uli kamtsinje koyera kooneka mchenga pansi, anakana kuti ndi womwewo. Tinakhala nawo pamwala nthawi yaitali tikuwafotokozera kuti masamba ogwa ndi mizu ya mitengo ndizo zimasunga mvula m'nthaka n'kumaitulutsa pang'onopang'ono mpaka m'chilimwe, ndipo kuti phiri likameteka madzi amathamanga tsiku limodzi atanyamula dothi lokakwirira damu. M'mapiri omwewa ndimo muli Kaphirintiwa, pamene makolo athu Achewa ankati anthu oyamba anatsikira n'kusiya mapazi awo pathanthwe. Nkhaniyi tinaikamba usiku tikuwotha moto, ndipo anaimvetsera mwachidwi chimene sindinachionepo akakhala pa wailesi ya kanema.

Sindingabise kuti ulendowu uli ndi zomvetsa chisoni. Panjira mumakumana ndi njinga zosenza matumba a makala zikulowera kutauni, ndipo m'malo ena mumaona zitsa ndi mauvuni pamene panali mitengo. Mwana akafunsa kuti makalawo akupita kuti, kholo loona mtima liyenera kuyankha kuti akupita pa mbaula zathu. Sindikunyoza bambo amene amakankha njinga usiku wonse kuti ana ake adye, pakuti wogula ndife, ndipo magetsi akamazimazima ambiri timasowa pogwira. M'chaka cha 2015 boma linatumiza asilikali kukalondera nkhalangoyi, komatu msilikali amaletsa nkhwangwa ya lero lokha. M'mera m'poyamba: amene adzalamulire za nkhalango mawa ndi ana omwewa, ndipo n'kovuta kuti munthu amenyere nkhondo malo amene sanapondepo.

Kwa makolo amene akuopa kuti ana aang'ono sangapirire, ndinene zimene ndinaona. Mwana safuna kufika pamwamba pa phiri. Mtunda waufupi umamukwanira, chifukwa amaima pa chiswe chilichonse, pa nthenga iliyonse, ndipo kholo lofulumira ndilo limawononga ulendo. Chovuta chenicheni ndi kuzizira, makamaka mu Juni ndi Julayi, kotero majuzi, zipewa, masokosi ndi mabulangete zichuluke, ndipo pansi pa tenti payalidwe mphasa kapena matiresi. Neti ya udzudzu isatsale ngakhale kukuzizira. Madzi a mumtsinje, ngakhale aoneke oyera chotani, aziwiritsidwa kaye, ndipo m'chikwama mukhale Thanzi, mankhwala oziziritsa thupi ndi tochi. Ana azivala nsapato nthawi zonse ndiponso aonetsedwe chitedze kuti asachikhudze, ndipo musanakhome tenti yang'anani ngati sipadutsa linthumbu. Fikani dzuwa likadalipo, pezani munthu wa kumeneko wodziwa njira, ndipo moto uzimitsidwe ndi madzi musanagone, makamaka kuyambira Ogasiti udzu ukauma. M'dzinja misewu ya kumeneko imavuta, ndi bwino kudikira mvula ithe. Chakudya n'chakwathu chomwechi: ufa, usipa, mbatata, phala la ana m'mawa.

Ndalama yaikulu imapita ku mafuta a galimoto, ndiye mabanja awiri kapena atatu akasonkherana n'kubwereka matenti, mtolo umapepuka. Amene msewu wafumbi ukuwaopsa angathe kulowera ku Dedza pa msewu wa M1, kumene kuli mapanga a Chongoni okhala ndi zojambula za Akafula ndi za Achewa pa malo 127, omwe bungwe la UNESCO linawaika pa mndandanda wa chuma cha dziko lonse m'chaka cha 2006.

Pempho langa likupita ku nthambi ya zankhalango, ku unduna woona zokopa alendo ndi ku Lilongwe Water Board. Tikonzereni malo osavuta okhomapo matenti m'nkhalangozi, okhala ndi chimbudzi chaukhondo, pophikira potetezeka ndi mlonda usiku, pamtengo woti mphunzitsi kapena namwino akwanitse pa malipiro ake. Achinyamata a m'midzi yozungulira aphunzitsidwe ntchito yoperekeza alendo, kuti ndalama imene akanaipeza pootcha makala aziipeza mtengo uli chiimire. Sukulu za pulayimale ndi mipingo ya mumzinda uno zipatsidwe masiku apadera obweretsa ana pamtengo wotsika. Ndipo inu a Mkonzi, tithandizeni kufunsa maofesi amenewa kuti alengeze poyera mitengo yolowera m'nkhalango, kumene chilolezo chogona chimatengedwa ndi nambala zoimbira pakagwa ngozi, kuti banja lizinyamuka Lachisanu masana likudziwa kumene likagone.

Kholo la ana aang'ono,
Area 25, Lilongwe