Chifukwa Chake Sindibwera pa Khirisimasi Ino

Johannesburg,
13 Disembala.

Okondedwa amayi,

Ndikhulupirira kuti kalata ino ikupezani muli bwino pamodzi ndi abambo, mdzukulu wanu ndi onse a pakhomo kumeneko kwa Santhe. Ine kuno ndili moyo, kungoti thupi lonse likuphwanya chifukwa cha ntchito ya milungu iwiri yapitayi. Ndaganiza zolemba kuti ndikufotokozereni nkhani yonse mwatsatanetsatane, popeza tsiku lija pa foni mawu ankadukaduka, ndipo ndinamva ndithu kuti munakhumudwa nditakuuzani kuti Khirisimasi ino sindibwera.

Abwana ndi adona, pamodzi ndi ana awo awiri, akunyamuka mawa m'mamawa kupita kutchuthi ku Mauritius, kumene akakhale milungu itatu. Mauritius ndi chilumba cha m'nyanja ya mchere, kum'mawa kwa Madagascar, ndipo likulu lake ndi Port Louis. Mwana wawo wamng'ono anandionetsa pa mapu, ndipo ndinaona kadontho chabe pakati pa madzi, koma abwana akuti kuli minda ya nzimbe yonga ya ku Dwangwa, mchenga woyera ndi kutentha kofanana ndi kwa kunyanja kwathu. Kuchoka pa bwalo la ndege la OR Tambo ndi ulendo wa maola anayi okha, pamene ine kuti ndifike pa Kasungu pa basi, kudzera pa Beitbridge, pa Nyamapanda ndi ku Tete, ndimatha masiku awiri ndili pa msewu.

Munthu angaganize kuti anthu opita kukapuma amayamba kupuma asananyamuke, koma m'nyumba muno chitsekere sukulu palibe amene wakhala pansi. Adona analemba ntchito zonse pa pepala n'kulimata pa chitseko cha firiji, ndipo ndikafafaniza mzere umodzi madzulo, m'mawa ndimapeza awonjezerapo iwiri. Ndachapa zovala zopepuka za anthu anayi, makabudula, zovala zosambira ndi zipewa, komanso makatani ndi nsalu za pabedi, chifukwa iwo akuti safuna kudzabwerera m'nyumba yonunkha fumbi. Mvula ya kuno mwezi uno imakonda kugwa masana, yamabingu ndipo nthawi zina yamatalala, choncho ndimayanika kusanache bwino, kenaka tsiku lonse ndimagwira ntchito za m'nyumba diso lili kumwamba, kuti mtambo ukangoda ndithamange kukaanula.

Lachitatu usiku ndinachita ngozi imene mpaka pano ndikaikumbuka mtima umagunda. Nthawi inali itakwana 10 koloko ndikusitabe, tulo tili m'maso, ndipo nditamaliza malaya a abwana ndinaiwala kuchepetsa moto wa simbi. Ndinangoiika pa diresi yopyapyala yobiriwira imene adona anagulira ulendo womwewu, ndipo nsalu inakhwinyata n'kumamatira ku simbi, pamsana pake patatsala bowo lolowa dzanja. Ndinakhala kanthawi nditaigwira m'manja, maganizo akundiuza kuti ndiipinde bwinobwino n'kuibisa pansi pa sutikesi kuti akaione ali kutali, koma ndinakumbuka mmene munandikalipira ndili wamng'ono nditabisa mphika wosweka kuseri kwa nkhokwe. M'mawa ndinawaonetsa. Anakhala chete nthawi yaitali, kenaka anangoti kuyambira lero ndisamasitenso usiku, ndipo za kudula malipiro sanatchule. Diresi ija anandipatsa, ndipo ndaona kuti mbali yosapsayo ikhoza kutuluka siketi.

Dzulo linali tsiku lolongedza, ndipo ndikanakonda mukanakhalapo kuti museke. Pa ndege yawo munthu aliyense akuloledwa sutikesi imodzi yosapitirira makilogalamu 23, ndipo poti m'nyumba muno mulibe sikelo yokoleka ngati ya ogula mtedza kwathu, abwana anatenga kasikelo koyezera anthu ka ku bafa. Ankayamba akwerapo okha, kenaka n'kukweranso atakumbatira sutikesi, nkhope itafiira, ine nditagwada pansi kuwerenga manambala chifukwa iwo sankatha kuwaona. Ya adona inapitirira ndi makilogalamu atatu. Tinatsegula, tinachotsamo nsapato, tinatseka, tinayezanso, kenaka iwo anakumbukira mafuta odzola oteteza khungu ku dzuwa, amene botolo lake lalikulu sangalowe nalo m'chikwama cha m'manja chifukwa zamadzimadzi zopitirira mamililita 100 amalanda pa bwalo la ndege. Tinatsegulanso. Sutikesi imodzi yomweyo tinaimasula kanayi, ndipo pomaliza ndinachita kukhalira pamwamba pake kuti zipi itseke. Ndinakumbuka abambo akudinda belo la fodya, kusiyana kwake n'kwakuti iwo amadandaula likapepuka, pamene kuno amadandaula katundu akalemera.

Titapuma pang'ono panabuka ina. Chikalata cha kubadwa cha mwana wamkulu, chimene amafuna kunyamula pamodzi ndi mapasipoti, sichinkaoneka. Tinagwedeza nyumba yonse, madirowa, makabati ndi mabuku, abwana ndi adona akulozana zala, mpaka ndinachipeza m'chikwama cha kusukulu cha mwanayo, chitapindidwa pakati pa kope. Zimenezi zinandikumbutsa kuti ndikupempheni kuti mapepala a mdzukulu wanu, makamaka buku lake la kusikelo, muwakulunge mu pulasitiki n'kuwaika m'thiranki, poti denga la chipinda chija limadontha.

Adona ali ndi nkhawa ina imene ine ndikuimvetsa kuposa zonsezi. Kuyambira Novembala mpaka Epulo ndi nyengo ya anamondwe m'nyanja imeneyo, ndipo iwo m'mawa uliwonse amayang'ana zanyengo pa foni. Nditawauza kuti namondwe wa Freddy, amene anadutsa pafupi ndi Mauritius mu Febuluwale 2023, ndi yemwe uja anadzagumula mapiri ndi kukokolola midzi ku Blantyre, ku Mulanje ndi ku Phalombe mwezi wa Malichi chaka chomwecho, anadabwa kwambiri, chifukwa sankadziwa kuti mphepo ya kumene akupita kukasangalalako inafika mpaka kwathu. Iwo akuopa kuti mvula ingawatsekere m'chipinda cha hotela masiku angapo. Sindinawayankhe kanthu, koma mumtima ndinali ndikuganiza za anthu aja amene anataya abale ndi nyumba usiku umodzi.

Tsopano ndifike pa chifukwa chenicheni. Mwezi wa Disembala anthu ambiri a dera lino amachoka, nyumba zimatsala zopanda anthu, ndipo akuba amadziwa bwino zimenezi. Abwana anandipempha kuti nditsale ndizigona kuno, ndiziyatsa magetsi madzulo, kutchera alamu, kudyetsa galu ndi kuthirira maluwa a m'miphika, ndipo analonjeza kundilipira masiku amenewa padera, pamwamba pa bonasi ya kutha kwa chaka. Mnyamata wosamalira kapinga, amene ndi Mmalawi mnzathu wa ku Nkhata Bay, wanyamuka kale kupita kwawo, choncho ngakhale dziwe losambiramo latsala m'manja mwanga. Asanapite anandiphunzitsa kuvuula masamba ndi ukonde wa mtengo wautali, kuthira mankhwala a klorini ndi kuonetsetsa kuti pampu ikuyenda tsiku lililonse, chifukwa nyengo yotentha ino madzi akalekereredwa amasanduka obiriwira ngati a padambo m'masiku ochepa. Ine amene ndinakula ndikusenza ndowa kuchokera pa mjigo, lero ndikulera madzi amene palibe adzawamwe.

Ndinawerengera bwino ndisanavomere. Nyengo ino mtengo wa basi umakwera, pa Beitbridge anthu amachezera pa mzere, ndipo ndikanabwera ndikanafika ndi manja opepuka, ndalama yonse itathera panjira. Pamene ndikutsala, ndalama ya ulendo ija pamodzi ndi yowonjezerayi ikwanira matumba awiri a fetereza wobereketsa ndi zofunika za kusukulu za mdzukulu wanu mu Januwale. Ndikudziwa kuti pano muli pa kalikiliki wowokera fodya ndi kupalira chimanga, ndipo fetereza akachedwa mlungu umodzi munda umaonetsa. Ndalamayi nditumiza Lachisanu pa foni ya achimwene, ndipo ndikupempha kuti apite okha ku boma akagule tsiku lomwelo, asadikire kuti zikondwerero zidutse, chifukwa ndalama yosungidwa pa Khirisimasi imapeza ntchito zina. Ngati patsale kangachepe, mugule mpunga ndi nkhuku kuti mwanayo asaone kusiyana ndi anzake.

Za chakudya changa musade nkhawa. Lero tinakhuthula firiji, ndipo zonse zimene sizingadikire milungu itatu, mazira, nyama, mkaka ndi ndiwo zamasamba, adona andisiyira, moti zina ndigawira amayi a ku Mchinji amene timapemphera limodzi. Tagwirizana kuti pa 25 adzabwera kuno masana kudzaphika nsima, ndipo abwana avomera, bola geti likhale lotseka. Tchuthi changa ndapempha kuti chidzakhale mu Meyi, nthawi yokolola, pamene ndingadzakhale mwezi wathunthu ndi kuthandizako kutong'ola.

Polongedza paja adona anapatula zovala ndi nsapato zimene zawachepera ana awo, ndipo ndadzaza chikwama chimodzi chimene ndidzatumiza ndi otenga katundu chaka chikayamba. Pali nsapato zakuda za kusukulu zolimba bwino, koma sindikudziwa ngati zingamukwane mdzukulu wanu, poti papita nthawi chimuonereni. Mumuimike pa pepala, achimwene ajambule phazi lake ndi pensulo, ayeze ndi rula n'kunditumizira nambala yake pa WhatsApp. Mupereke moni kwa abambo, kwa amalume ndi kwa onse a kutchalitchi. Ndalekeza pano chifukwa galimoto yowatengera ku bwalo la ndege ifika 5 koloko m'mawa, ndipo masutikesi ndiyenera kuwatsitsira pakhomo ndisanagone.

Ndine mwana wanu,
wa ku Joni.