Dandaulo pa veleveti amene munanditumizira ku Ulongwe

Kwa a Manijala,
Sitolo ya nsalu,
Tete.

Bambo,

Ndine telala wa ku Ulongwe, m'boma la Angónia, ndipo nsalu ndakhala ndikugula kwa inu kuyambira kale. Mwezi wathawu ndinaitanitsa mamita 6 a veleveti wathonje wofiirira, woti ndipendere chofunda cha zigamba za kapulana (chitenje) chimene mayi wina akufuna kupatsa mwana wake paukwati. Kuno mu June ndi July kumazizira, si ngati kwanu ku Zambezi kumene munthu amagona osafunda, ndiye chofunda ndi mphatso yaulemu.

Ndalama ndinatumiza pa M-Pesa, katundu anabwera pa chapa (minibasi). Nditamasula, manja anandilefuka. Mwanditumizira veleveti wotanuka uja wosokera madiresi. Mpendero wa chofunda timaudula mopingasa kuti ukhote bwino m'makona, ndipo nsalu yodulidwa choncho imatanuka kale payokha. Nanga yotanuka kuchokera kufakitale? Ndinayesa kachidutswa: ndinabaya mapini, ndinayamba ndasoka ndi manja, komabe pansi pa phazi la makina nsalu yapamwamba imayenda yokha, yapansi n'kutsalira, msoko n'kutuluka wamakwinya.

Chinanso, anyamata anu anaipinda ngati chitenje n'kuimanga zolimba ndi chingwe. Veleveti amakulungidwa, sapindidwa. Ubweya wake ukaphwanyika umasiya mizere yowala, ndipo simbi yamakala imene ndili nayo ingangowonjezera zipsera. Ndinaifukiza pa nthunzi ya ketulo, mizere ina yakana.

Kuti mamitawo akwane, munadula pa mipukutu iwiri, ndipo mtundu wa zidutswazo sukufanana. Poyamba ndinkati mwina ndagoneka ubweya mosemphana, chifukwa veleveti amasintha mtundu ukamutembenuza. Ndinagoneka zidutswa zonse mbali imodzi, padzuwa: china ndi chakuda kuposa chinzake. Izi ngakhale mwana wophunzira kusoka akanaziona.

Ndaimba foni kawiri, yankho ndi lakuti "abwana atuluka". Ukwati suyembekeza abwana, ndipo amene akuchita manyazi pamaso pa mayiwo ndine.

Chonde munditumizire veleveti wathonje wochokera pa mpukutu umodzi, wokulunga. Ngati mulibe, mundibwezere mametikali anga ndigule nsalu wamba yathonje. Wolipira chapa paulendo uno mukhale inu. Nsalu yanu ili pano pamodzi ndi lisiti, kupatula kachidutswa kamene ndinayesera.

Ine kasitomala wanu,
Telala wa ku Ulongwe