Amayi, bafa lija musalipake kaye penti

Okondedwa Amayi,

Ndikhulupirira muli bwino nonse ku Ngabuko. Ine kuno ku Durban ndili bwino, ntchito ikuyenda. Kutentha kuliponso, koma kosiyana ndi kwathu. Kwathu dzuwa limawamba, kuno mphepo imachokera kunyanja yamchere itasenza chinyezi, moti thaulo ukaliyanika m'nyumba m'mawa, madzulo umalipeza lidakali lonyowa.

Zithunzi za bafa latsopano zimene achimwene anatumiza pa WhatsApp ndaziona. Zakuda zili m'makona ndi m'mizere ya matailosizo ndi nkhungu, si simenti yoipa ayi, ndiye amisiri aja musawakalipire. Kunyumba ya abwana kuno ndimalimbana nazo sabata ndi sabata.

Ndamva achimwene akufuna kugula penti. Auzeni adikire. Penti yopaka pamwamba pa nkhungu sichedwa kufufuma n'kuyamba kusupuka, ndalama n'kulowa m'madzi. Ayambe akwecha. Athire kapu imodzi ya Jik m'malita 4 a madzi, anyowetse khomalo, adikire mphindi 10, kenako akweche ndi burashi yolimba n'kutsukuluza. M'mizere ya matailosi mswachi wakutha ndi umene umafika bwino. Chitseko chikhale chotsegula, m'manja avale magolovesi, akasowa ngakhale majumbo. Ndipo chonde, Jik asamusakanize ndi viniga kapena mankhwala otsukira m'chimbudzi. Zikakumana zimatulutsa mpweya wapoizoni, ndipo m'kachipinda kothina ngati kameneko munthu angathe kubanika. Mdzukulu wanu wa mphumu uja akasewere kutali tsiku limenelo. Ndipotu nkhunguyo payokha imautsa mphumu, n'chifukwa chake nkhaniyi sindikuitenga mwachibwana.

Komatu kukwecha kokha sikuthetsa vutoli. Malo akakhala onyowa tsiku limodzi kapena awiri, nkhungu imayambanso kumera. Bafa lathu lakale laudzu lija, lopanda denga, silinkachita zimenezi poti dzuwa linkalowamo tsiku lonse. Latsopanoli lili ndi kawindo kamodzi, ndipo ndikudziwa kuti mumakatseka poopa udzudzu. Sindikukudzudzulani, udzudzu wakwathuko ndimaudziwa bwino. Pa ndalama ndatumiza pa Mukuru zija, patulaniko zina mugule waya wa sefa mukhome pawindopo kuti kazikhala kotsegula usana ndi usiku. Amisiri aboolenso pamwamba pa khoma, pafupi ndi denga, aikepo timabowo tolowera mphepo, chifukwa nthunzi ya madzi otentha imathamangira kumwamba. Womaliza kusamba azikolopa pansi n'kusiya chitseko chotsegula. Matawulo ndi zinkhupule ziziyanikidwa panja, ndipo zovala zisamagone m'beseni m'menemo. Amisiriwo aonenso ngati paipi sikudontha kuseri kwa khoma.

Zoyera ngati ufa zili m'munsi mwa khoma lakunja zija ndi nkhani ina. Umenewo ndi mchere, womwe uja timaumva m'madzi a pamjigo. Chinyezi chikamakwera m'njerwa kuchokera m'nthaka chimausiya pamenepo chikauma. Jik sathandiza, angoupala ndi burashi youma. Chofunika ndi ngalande yoti madzi a m'bafa ndi a mvula azipita kutali ndi maziko, ndipo aikumbe mvula isanayambe. Mmene madzi anachitira nthawi ya namondwe wa Freddy mu 2023 muja inu mukudziwa kuposa ine.

Khoma likauma bwinobwino mundiuze, tikambirane za pentiyo. Mundiperekere moni kwa atsibweni ndi azakhali ku Nchalo. Mundiuzenso ngati mapira a chaka chino akukwanirani.

Ndine mwana wanu wachisamba.