Sayansi ya ku pulayimale iyambire pa zimene ana akuona ndi kugwira

Okondeka Akonzi,

Ndiloleni ndilankhuleko kudzera m'nyuzipepala yanu za momwe tikuphunzitsira sayansi m'sukulu za pulayimale, makamaka kuno ku Mangochi kumene ndinagwira choko zaka zambiri ndisanapume pa ntchito. Chandichititsa kulemba ndi chimene ndinaona mwezi watha padoko la kufupi ndi kwathu. Mdzukulu wanga wa mu Sitandade 6 ankathandiza mayi ake kutembenuza usipa pathandala, dzanja lina litagwira kope, akuloweza mokweza tanthauzo la mawu a Chingerezi oti evaporation chifukwa mawa lake kunali mayeso. Ananena chiganizo chonse osaphonya liwu ndi limodzi lomwe. Nditamufunsa kumene akupita madzi a mu usipa umene ankatembenuzawo, anandiyang'ana nthawi yaitali, kenaka n'kuyankha mwaulemu kuti, "Agogo, zimenezo sitinaphunzire." Chimene ankalowezacho chinkachitika pansi pa zala zake, koma palibe anamuuzapo kuti mawu a m'kope ndi kuuma kwa usipa n'chinthu chimodzi.

Sindikuloza chala mphunzitsi wake, pakuti inenso ndinaphunzitsa chimodzimodzi kwa nthawi yaitali, ndipo ndikudziwa chimene chimatifikitsa pamenepo. Kuyambira mu 1994 pamene maphunziro a ku pulayimale anakhala aulere, ana anadzaza m'makalasi, chinthu chimene tonse tinakondwera nacho, koma zipinda, mabuku ndi aphunzitsi sizinachuluke mofanana ndi anawo. Ine ndaimapo pamaso pa ana opitirira 100, ena atakhala pansi mpaka pakhomo, buku limodzi akulimbirana ana asanu ndi mmodzi. Zikatero, njira yapafupi imakhala kulemba manotsi pabolodi, ana n'kukopera, n'kubwereza onse pamodzi mpaka belu lilire. Palinso vuto la chilankhulo limene anthu a m'maofesi saliona msanga. Mwana wa kuno nthawi zambiri kunyumba amalankhula Chiyao, pabwalo ndi anzake amalankhula Chichewa, ndiye akafika Sitandade 5 amapeza sayansi yonse ili m'Chingerezi. Amasenza mitolo iwiri nthawi imodzi, wa chilankhulo ndi wa mfundo yeniyeni, ndipo ukamulemera amatula wa mfundo n'kusunga wa mawu, chifukwa mawuwo ndi amene akuganiza kuti adzamupulumutsa pa mayeso a Sitandade 8.

Ambiri amati sayansi singaphunzitsike popanda labotale. Ku sekondale mwina n'zoona, koma ku pulayimale sindikuvomereza, ndipo aliyense amene anadutsa ku koleji ya aphunzitsi akukumbukira mfundo ya TALULAR, yophunzitsa ndi zinthu zopezeka pamalo pomwe tili. Chaka china, nditatopa ndi kuona ana akulephera mutu womwewu, ndinabwereka mbale zitatu zofanana kunyumba kwa aphunzitsi anzanga. Tinathira m'mbale iliyonse madzi okwana kapu imodzi, ina tinaika padzuwa, ina pansi pa mtengo wa mango, yachitatu padzuwanso koma titaiphimba ndi pepala la pulasitiki loonekera mkati. Ana analemba okha ndi choko pamene madzi analekeza, ndipo tinabwerera m'kalasi kukachita masamu. Pa nthawi yoweruka, madzi a m'mbale ya padzuwa anali atatsika kuposa a pamthunzi, ndipo pansi pa pepala lija panali timadontho tolendewera. Mtsikana wina amene sankakweza mkono chaka chonse anakhudza timadonthoto ndi chala n'kunena kuti, "Aphunzitsi, ndiye kuti madzi aja sanathe, angokwera m'mwamba." Kuchokera pamenepo mafunso anabwera okha. Mnyamata wina anafotokoza kuti kwawo amayala usipa mopyapyala kuti uume msanga, wina anati nthawi ya mwera umauma bwino ngakhale kunja kuzizire, winanso anafunsa chifukwa chake thandala limakhala lokwera osati pamchenga. Ine ntchito yanga inangokhala kulumikiza: kutentha kumakweza madzi, kuyala mopyapyala kumapatsa madziwo malo ambiri otulukira, ndipo mphepo imachotsa mpweya wachinyezi n'kubweretsa wouma. Mawu a Chingerezi ndinawalemba pabolodi kumapeto kwenikweni, ana atagwira kale chinthucho, ndipo anawakumbukira mosavuta.

Chimandipweteka mtima kwambiri n'chakuti tikukhala m'mbali mwa chuma chimene akatswiri a sayansi amachiwolokera nyanja zamchere kudzachiona. Nyanja ya Malawi ili ndi mitundu ya nsomba yochuluka kuposa nyanja ina iliyonse ya madzi opanda mchere padziko lapansi, ndipo yambiri mwa iyo sipezeka kwina kulikonse. N'chifukwa chake mu 1980 boma linakhazikitsa Lake Malawi National Park ku Cape Maclear m'boma lathu lomwe lino, ndipo mu 1984 bungwe la UNESCO linaika malowa pa mndandanda wa malo ofunika kwa dziko lonse lapansi. Koma mwana wa ku Malembo kapena ku Makanjira amajambula nsomba ya m'buku, osaigwirapo m'kalasi nsomba imene wadya dzulo. Chambo chokha n'chokwanira phunziro la sabata yonse. Chachimuna chimakonza chisa pamchenga pansi pa madzi, chachikazi chimatola mazira n'kuwasunga m'kamwa mpaka aswe, ndipo tiana timathawiranso m'kamwa momwemo tikaona choopsa. Mwana amene watsegula yekha kamwa la chambo n'kuona mazira safunikanso kumulowezetsa chifukwa chake nyanja imatsekedwa kumapeto kwa chaka, kapena chifukwa chake kukoka kasawala ndi neti ya udzudzu n'kudya mbewu. Akuluakulu a m'mbali mwa nyanja ya Malombe amakumbukira nthawi imene chambo chinali chosasowa m'nyanja imeneyo, ndipo msodzi mmodzi wachikulire ataitanidwa kusukulu angaphunzitse ana za mwezi, nyali za usiku ndi mayendedwe a usipa bwino kuposa tsamba lililonse la manotsi.

Nkhaniyi imakhudzanso moyo weniweni wa ana. Likodzo ndi losasowa m'midzi ya m'mbali mwa nyanja, ndipo ndamvapo makolo ena akunena kuti mnyamata akakodza magazi ndiye kuti akukula. Azaumoyo amabwera kusukulu kudzagawa mankhwala, ana amameza, koma sabata yotsatira ali m'madzi omwe aja chifukwa palibe anawaonetsa ulendo wa matendawa: mazira amatuluka ndi mkodzo wa wodwala, amaswa m'madzi, tizilomboto timalowa mu nkhono n'kuchulukana, kenaka timatuluka n'kuboola khungu la munthu wosamba kapena wochapa. Zigoba za nkhonozi zili mbwee pagombe, ndipo mphunzitsi angathe kubweretsa zouma m'kalasi kuti ana azione, n'kujambula ulendowo pamchenga, aliyense n'kuloza pamene ungadulidwe. Mwana akazindikira kuti kukodzera m'nyanja ndiko kumadyetsa nkhono matenda, uthenga wa chimbudzi umakhala ndi tanthauzo.

Chimodzimodzinso kolera. Mliri umene unayamba mu 2022 n'kupitirira mpaka 2023 unapha anthu opitirira 1,700 m'dziko muno, ndipo Mangochi linali limodzi mwa maboma amene anavutika kwambiri. Pali phunziro limene ana amalikonda, losefa madzi amatope ndi botolo lodula, mchenga, makala ndi timiyala. Madzi amatuluka oyera, ana n'kuwomba m'manja, ndipo apa m'pamene mphunzitsi wosasamala amalekera. Koma sayansi yeniyeni ili pa funso lotsatira, lakuti kodi madzi oyera m'maso ndi abwino kumwa? Tizilombo ta kolera n'tating'ono kwambiri moti maso sangatione ndipo mchenga wa m'botolo sungatitsekereze tonse, choncho madziwo afunikabe kuwiritsa kapena kuthira klorini n'kudikira mphindi 30. Mwana wa zaka 11 amene wamvetsa zimenezi ndi amene amatunga madzi pakhomo, ndipo ndi amene angaletse mng'ono wake kumwa a m'chithaphwi.

Pempho langa loyamba likupita kwa a Malawi Institute of Education ku Domasi, amene amakonza silabasi ndi mabuku: lembani momveka m'mabuku a aphunzitsi kuti mfundo yatsopano ingathe kuyamba kufotokozedwa m'chilankhulo chimene ana amaganizira, Chingerezi n'kubwera pambuyo, kuti mphunzitsi asamachite zimenezi mobisa ngati akulakwa. A MANEB nawonso ndikuwapempha kuti achulukitse mafunso ofuna mwana kufotokoza chimene chingachitike ndi chifukwa chake, pakuti mphunzitsi amaphunzitsa molunjika kumene mayeso akuloza, ndipo palibe chikalata chochokera ku likulu chimene chingasinthe kalasi msanga kuposa pepala la mayeso. Alangizi a maphunziro m'mazoni, akamasonkhanitsa aphunzitsi ku TDC, malo osulira aphunzitsi a m'zoni, apatuleko ola limodzi loti aphunzitsiwo agwire okha mabatire, mawaya, maginito ndi mabotolo, chifukwa ambiri a ife tinkaopa kuyesa pamaso pa ana chinthu chimene sitinachiyesepo tokha. Ndipo zipangizozo zikafika m'kalasi, zisamangothera m'manja mwa anyamata, atsikana n'kumangolemba zotsatira.

Kwa makomiti a sukulu ndi makolo anzanga, zambiri mwa izi sizilira ndalama za boma. Pa boma pompano, pafupi ndi mlatho wa Bakili Muluzi, pali nyumba yosungira mbiri ya nyanja ya Lake Malawi Museum, ndipo ku Mpwepwe kuli koleji ya zausodzi, koma ana ambiri a sukulu zoyandikira amamaliza Sitandade 8 osapondako. Sukulu zakutali zingayambe ndi katoni imodzi mu ofesi ya ahedi, yosungiramo mbale, mabotolo, zingwe, galasi ndi tochi yakale zimene makolo angapereke. Ine ndalankhula kale ndi komiti ya sukulu ya m'mudzi mwathu, ndipo tagwirizana kuti teremu ikubwerayi ndizipita Lachitatu lililonse masana kukathandiza aphunzitsi a Sitandade 5 ndi 6, kuyambira ndi phunziro la mbale zitatu lija. Aphunzitsi anzanga opuma amene muli ku Namwera, ku Monkey Bay ndi ku Chilipa, ndikukupemphani kuti mukaonane ndi ahedi a sukulu zoyandikana nanu teremuyo isanatsegulidwe.

Ine wanu,
Mphunzitsi wopuma,
Mangochi